Tifunseni: Nyumba ya Lendi Yongokhalamo Miyezi Yochepa

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu amene akusaka nyumba ya lendi koma sakhalitsamo: wina watumidwa ku maphunziro, wina wapeza ganyu ya miyezi ingapo m'tauni, wina akudikira kuti nyumba yake ithe kumangidwa. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu. Amene akudziwa kale tsiku lake lotuluka asasankhe nyumba ngati munthu wodzakhalamo zaka khumi. Iye alibe nthawi yokonza denga kapena yozolowerana ndi landilodi wovuta, ndipo ndalama imene walipira pakhomo kawirikawiri sibwerera.

Ndine namwino wa ku Kasungu. Andituma ku Kamuzu Central Hospital kukachita maphunziro a miyezi inayi kuyambira Januwale, banja ndilisiya kuno. Anzanga akuti ndipeze chipinda ku Area 25 chifukwa n'kotchipa. Ndiyambire pati?

Mayi, yambani ndi pepala ndi cholembera, nyumba muione pambuyo. Lendi ndi gawo limodzi chabe la ndalama imene mudzatulutse. Area 25 ili kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, chakumbali ya Kanengo, pomwe chipatala chili ku Area 33, pakati pa Old Town ndi City Centre. Tiyerekeze kuti chipinda ku 25 ndi K80,000 pamwezi ndipo minibasi ndi K2,000 ulendo umodzi. Kupita ndi kubwera masiku 22 ndi K88,000, ndiye kuti chipindacho chikukudyerani K168,000. Chipinda cha K120,000 ku Kawale kapena ku Mchesi, komwe mungakwere kabaza wa K500 kapenanso kuyenda pansi, chikukwana K142,000. Manambalawa ndi oyerekezera, inu ikanipo mitengo ya lero, koma mudzaona kuti nthawi zambiri chotchipacho ndiye chodula. Onjezanipo zoti mafuta akasowa, mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo, komanso zoti namwino amaweruka usiku. Njira yochokera pa siteji kufika pakhomo muiyende nokha dzuwa litalowa, muli ndi mnzanu, musanalipire kalikonse. Ngati ikudutsa pa mlatho wamatabwa, m'munda wa chimanga kapena kuseri kwa malo omwera mowa, dziwani kuti mu Febuluwale chimangacho chidzakhala chitakupitirirani msinkhu.

Chachiwiri ndi katundu. Wa miyezi inayi asagule bedi kapena sofa. Galimoto yonyamula katundu mudzailipira kawiri, polowa ndi potuluka, ndipo zinthu zogulitsa mothamanga mu Epulo anthu adzakugulani pa mtengo wachisoni. Matilesi, neti, ndowa ziwiri, mbaula kapena hotipuleti, mapoto awiri ndi loko wanuwanu n'zokwanira. Muyezo wake ndi uwu: chilichonse chimene simungakwere nacho basi ya ku Kasungu, musachigule. Pa chifukwa chomwechi, boyizi kota ya mumpanda wa munthu kapena chipinda chokhala kale ndi bedi chimakomera munthu wa kanthawi, ngakhale lendi yake itakwererapo. Chitetezo, madzi ndi magetsi mumazipeza zili m'malo.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amapwetekera: eni nyumba ambiri m'tauni amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Inu mukukhala inayi. Mukalipira itatu yoyamba osakambirana, kumapeto kwa Malichi adzakuuzani kuti mulipirenso itatu ina, ndipo iwiri yotsalayo simudzaionanso. Nenani tsiku loyamba kuti mudzatuluka pa 30 Epulo, ndipo mwezi wachinayi mudzalipira paokha, zilembedwe. Ena amabisa kuti ndi a kanthawi poopa kukanidwa. Ife sitikulangizani zimenezo. Landilodi amene wakana lero wakupulumutsani. Amene wadziwira mochedwa amabwezera pa dipoziti.

Ndapeza ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi ku Blantyre, kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Nyumba zimene ndikuona zonse zikuoneka bwino, zina angozipaka penti. Ndingadziwe bwanji yomwe idzandivute mvula ikayamba? — Bambo wa ku Ntcheu

Mwafunsa funso labwino pa nthawi yoipa, chifukwa mu Okutobala nyumba iliyonse ndi youma. Komabe mvula imasiya mapazi ake, ndipo amaoneka ngakhale m'chilimwe.

Pitani masana dzuwa lili pamutu. Ngati nyumba ilibe silin'i, tsekani chitseko ndi mawindo, muyang'ane kumwamba. Kadontho kalikonse ka kuwala pa malata ndi podonthera. Yang'anitsitsani pa misomali, pamene malata akumana, ndi pamsonga pa denga. Ngati ili ndi silin'i, funani mabala achikasu ozungulira ndi malo amene bolodi lafufuma kapena lagwera pansi pang'ono. Silin'i yopakidwa penti chigamba chimodzi chokha ikukuuzani pamene pamadontha. Kenako tulukani muone denga muli panja. Miyala, njerwa kapena matayala pamwamba pa malata n'chizindikiro chakuti mwiniwake sakukhulupirira misomali yake, ndipo mphepo ya mvula zoyamba za mu Novembala ndi imene imasasula madenga otere. Pamene mungafikire thabwa la denga kapena felemu ya chitseko, bayani ndi kiyi. Ikalowa ngati mu nsima, chiswe chinamaliza kale ntchito.

Khoma muligwire ndi dzanja m'munsi, kuyambira pansi kufika m'mawondo. Pulasitala wofumbutuka, ufa woyera ngati mchere, kapena penti yotupa ndi chinyezi chokwera kuchokera pansi. Penti yatsopano imabisa izi kwa milungu ingapo basi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mukakhala ndi mpata sunthani kabati kapena chilichonse chotsamira khoma, mununkhize. Fungo la chinyezi penti silibisa. Za ming'alu musachite mantha ndi uliwonse. Waung'ono ngati tsitsi, woyenda pamwamba pa pulasitala, ulibe vuto. Woopsa ndi wotsetsereka kuchokera pa kona ya windo kapena ya chitseko, wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, woti mtengo wa machesi n'kulowamo. Ukaphatikizana ndi chitseko chokanika kutsekeka bwino, ndiye kuti maziko akusuntha. Funsaninso kuti khomalo ndi la chiyani. Zidina zomangira dothi zikhoza kukhala zaka zambiri ngati khonde ndi lalikulu ndipo madzi sakhudza m'munsi, koma zikanyowa masiku atatu motsatizana zimagwa mosachenjeza.

Tsopano onani kumene madzi amapita. Simenti ya m'nyumba ikhale pamwamba pa nthaka ya panja ndi mizere iwiri ya njerwa kapena kuposa. Kakhoma kakang'ono komangidwa pakhomo kuti muzichita kudumpha polowa sikokongoletsa, n'kotchinga madzi. Mchenga wosanjikana pa geti, matumba a mchenga pa makomo oyandikana, mzere wa matope pa mpanda, zonsezi zikunena chinthu chimodzi. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, madzi ake amathamanga. Mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche inakokolola nyumba ku Chilobwe, anthu ambiri n'kutaya miyoyo. Nyumba yomangidwa pamtunda m'mbali mwa phiri la Soche kapena la Ndirande, makamaka ili m'khwawa momwe madzi amatsikira, kapena yogundana ndi mtsinje ngati Mudi ndi Nasolo, muikane ngakhale lendi itakoma chotani. Miyezi yanu isanu ndi umodziyo ndi pafupifupi nyengo yonse ya mvula.

Musachite manyazi kulowa m'chimbudzi. Chokumba, onani ngati silabu ndi ya simenti kapena mitengo yokutira dothi, ngati dzenje latsala pang'ono kudzaza, ndi ngati nthaka yozungulira yayamba kutitimira. Chamadzi, gujumulani kawiri motsatizana. Madzi akakwera kaye n'kumatsika pang'onopang'ono, thanki yadzaza kapena dzenje lomwetsera latsekeka, ndipo mvula ikabwera zonyansa zidzabwerera ku bafa. Kupopetsa thanki ndi ndalama zambiri, sizoyenera kugwera munthu amene wangofika.

Pomaliza funsani oyandikana nawo, landilodi palibe. Mayi wogulitsa tomato pakona amadziwa chifukwa chimene anasamukira amene anali m'nyumbamo.

Ndaona nyumba yokongola pa Facebook ku Area 49. Munthuyo akuti anthu ambiri akuifuna, nditumize theka la lendi pa Airtel Money kuti andisungire, popeza ine ndili ku Mzuzu ndipo ndifika sabata yamawa. Nditumize? — Mnyamata wa ku Chibavi

Ayi, achimwene. Nyumba imene simunalowemo, inu kapena munthu wanu, simulipira ngakhale tambala. Zithunzi aliyense akhoza kuzitapa pa tsamba la wina. Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu ku Lilongwe, apite akalowe m'kati, akuimbireni pa vidiyo ali momwemo, atsegule mpopi inu mukuona. Ngati mulibe, ndi bwino kugona pa resitihausi masiku awiri kapena atatu mukusaka. Ndalama ya masiku atatuwo ndi yochepa poyerekeza ndi theka la lendi lotayika.

Si dobadoba aliyense amene ali wakuba, ndipo m'madera ambiri nyumba simungaipeze msanga popanda iwo. Koma mugwirizane zitatu musanakwere naye kabaza: ndalama yoonetsera nyumba ndi zingati ndipo ikukwanira nyumba zingati, komishoni ndi zingati, ndipo akulipira ndani, inu kapena mwini nyumba. Ena amadya mbali zonse. Komishoni imaperekedwa mukalandira makiyi. Kwa munthu wa miyezi iwiri kapena itatu, komishoni yaikulu ikhoza kukweza mtengo wa mwezi uliwonse kwambiri, ndiye igaweni pa miyezi yanuyo muone ngati nyumbayo ikadali yotchipa. Lendi yeniyeniyo musapatse dobadoba, perekani kwa mwiniwake.

Nanga mwiniwake mumudziwa bwanji? Pemphani kuona chitupa chake cha unzika, mufananitse dzina ndi la pa bilu ya madzi, pa lisiti la mayunitsi a ESCOM kapena pa kalata ya msonkho wa khonsolo. Mayina akasiyana sikuti pali chinyengo nthawi zonse, chifukwa ambiri sasintha dzina pa mita akagula nyumba, koma pakhale kufotokoza komveka. Kenako funsani kwa mfumu ya dera kapena block leader ndi kwa oyandikana nawo. Chinyengo chofala ndi cha tenanti amene akutuluka. Makiyi ali nawo, nyumba akuidziwa bwino, amaonetsa anthu atatu kapena anayi, onse n'kulipira, iye n'kusamuka usiku. Mawu akuti "eni ake ali ku Joni, ine ndi amene ndikuyang'anira" akupangitseni kupempha kulankhula ndi eni akewo. Chenjeraninso ndi nyumba ya masiye imene abale sanagwirizane. Mumalipira kwa mwana wamkulu, sabata yotsatira malume afika ndi loko. Funsani mwachindunji kuti amalandira lendi ndani, ndipo alipo wina amene angatsutse.

Polipira gwiritsani banki, Airtel Money kapena Mpamba, muone dzina la wolandira, musunge uthengawo. Mukapereka pamanja, lisiti lisainidwe nthawi yomweyo pali mboni.

Ndikufuna kulowa m'nyumba ya mdadada ku Zingwangwa kwa miyezi itatu. Mabanja anayi amagwiritsa mita imodzi ya magetsi ndi mpopi umodzi, ndipo amagawana ndalama mofanana. Ine ndili ndekha, ndili ndi foni ndi mababu awiri. Kodi sindidyeredwa? — Mtsikana wa ku Mulanje

Mudyeredwa, achemwali, ndipo tiwerengere limodzi. Yunitsi imodzi ndi chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi. Babu la LED la mawati 9 loyaka maola asanu tsiku lililonse silikwanitsa yunitsi imodzi ndi theka pamwezi. Mababu anu awiri ndi kutchaja foni, mwezi wonse simungadutse mayunitsi asanu. Mbale imodzi ya hotipuleti imakoka mawati 1,000 mpaka 1,500. Woiyatsa maola awiri patsiku amadya mayunitsi 60 mpaka 90 pamwezi, ndipo akamaphikirapo nyemba kuposa pamenepo. Firiji yaing'ono imatenga pafupifupi yunitsi imodzi patsiku. Giza, yotenthetsera madzi osamba, ndi chilombo: mawati 2,000 kapena 3,000. Choncho musanavomere kugawana mofanana, dziwani zimene zili m'nyumba za anzanuwo.

Njira yachilungamo ndi kamita kakang'ono ka khomo lililonse, kamene amakatcha check meter, koikidwa ndi mmisiri wamagetsi wovomerezeka. Ngati kalipo, lembani nambala yake tsiku lolowa. Ngati palibe, kugula nokha pa miyezi itatu sikungakubwezereni ndalama, ndiye pemphani kuti muzilipira ndalama yokhazikika pamwezi yogwirizana ndi zipangizo zanu, ilembedwe m'pangano, ndipo mulonjeze kuti simubweretsa hotipuleti.

Funso limene anthu amaiwala ndi lakuti kabokosi kolowetsera mayunitsi kali m'nyumba ya yani. Kakakhala kwa landilodi, iye n'kupita ku maliro kumudzi atakhoma, mudzagona mumdima tokeni ili m'foni. Funsaninso ngati mita ili ndi ngongole yakale, chifukwa ngongole yotere imadulidwa pa ndalama imene mukugulira mayunitsi. Onani lisiti laposachedwa. Ndipo tsatani waya ndi maso kuchokera pa polo kufika pa nyumba. Magetsi obwera ndi kawaya kodutsa pamwamba pa mpanda kapena kokwiriridwa pansi kuchokera kwa neba ndi olumikiza mosaloledwa. Amayambitsa moto, amagwira ana nthawi ya mvula, ndipo a ESCOM akawapeza amadula osafunsa kuti tenanti analowa liti. M'chipindamo yesani soketi iliyonse ndi tchaja. Soketi yakuda m'mbali kapena yonunkha pulasitiki wopsa isinthidwe musanalowe.

Za madzi, mpopi wotuluka masana sukuuzani zambiri. Bwerani 6 koloko m'mawa, nthawi imene aliyense akutunga. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry n'kukwezedwa mtunda wautali, choncho magetsi akavuta kumeneko, madera okwera ndi amene amayamba kuuma. Migolo ndi zigubu zambiri pakhomo lililonse ndi yankho lokwanira. Funsani kumene amatunga mpopi ukauma. Ngati ndi pa kiyosiki, mtunda wake ndi wotani. Ngati ndi pa chitsime, chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi chokumba chilichonse, ndiponso chisakhale kumunsi kwake. M'malo othithikana muyezo uwu sukwanira kawirikawiri, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 anasautsa kwambiri madera otere. Madzi a pachitsime muziwiritsa kapena kuthira klorini.

Bilu ya madzi muione ndi maso, yaposachedwa, kuti musalowe m'ngongole ya ena. Kiyubiki mita imodzi pa bilu ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Munthu mmodzi wosamba ndi ndowa sangafanane ndi banja la anthu asanu ndi awiri lochapa matewera, ndiye madzi agawidwe powerenga mitu, osati makomo. Kuti mudziwe ngati paipi ikudontha pansi, tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, dikirani theka la ola. Akasuntha, madzi akutayika penapake ndipo nonse mukulipira.

Landilodi wanga watsopano ndi mkulu wa mpingo, akuti palibe chifukwa cholemberana, tikhulupirirane. Wapempha dipoziti ya mwezi umodzi. Ndikhala miyezi isanu. Ndiumirire pepala? — Bambo wa ku Zomba

Umirirani, mwaulemu. Auzeni kuti pepalalo ndi lothandiza nonse, chifukwa munthu amaiwala, amadwala, ndipo mwina tsiku lotuluka mudzakumana ndi mayi a kunyumba kapena mwana wawo amene sanamve zimene munagwirizana. Sipafunika loya. Tsamba limodzi lolemba pamanja m'Chichewa, makope awiri, aliyense asaine pamodzi ndi mboni yake, n'lokwanira.

Mulembemo mayina ndi manambala a zitupa, malo ndi nambala ya puloti, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka. Lendi ilembedwe m'manambala ndi m'mawu, tsiku lolipira, ndi mawu akuti siikwera mpaka tsiku lotulukalo. Mukalowa pakati pa mwezi, nenani ngati mukulipira masiku okhawo kapena mwezi wanu uziyambira tsiku limenelo. Mkangano wa masiku khumi ndi umene umadya madipoziti ambiri. Lembani amene alipire madzi, magetsi, mlonda, zinyalala ndi kupopa thanki. Msonkho wa khonsolo ndi wa mwini nyumba. Lembaninso za notisi: mwezi umodzi mbali zonse ndi zimene anthu anazolowera, ndipo onjezani chimene chidzachitike ntchito yanu ikatha msanga kapena ikatalika. Chiganizo chimodzi chakuti "tenanti akhoza kuonjezera mwezi umodzi umodzi pa mtengo womwewu, akanena masiku 30 asanakwane" chidzakupulumutsani kusamuka kawiri.

Pa dipoziti pafunika mawu atatu: ndi zingati, idzabwezedwa tsiku liti, ndipo ingadulidwe pa zifukwa ziti. Vuto lake ndi lodziwika. Landilodi amaidya mwezi womwewo, ndipo pofika tsiku lobweza alibe, ndiye amayamba kupeza zolakwa: penti yada, loko walimba. Ngati avomera, lembani kuti dipoziti idzakhala lendi ya mwezi womaliza. Ambiri amakana, n'zomveka, chifukwa imayenera kuteteza zowonongeka. Pamenepo gwirizanani kuti mudzayendera limodzi nyumba sabata imodzi musanatuluke, ndipo ndalama idzaperekedwa posinthana ndi makiyi. Za penti zikambidwe poyera. Wokhala miyezi isanu sayenera kupenta nyumba yonse, pokhapokha ataipeza yopentedwa kumene n'kuiwononga.

Tsiku lolowa, katundu asanatsike, jambulani chipinda chilichonse, galasi losweka, matailosi ong'aluka, mpopi wodontha, ndi manambala a mamita onse awiri. Zithunzizo muwatumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti deti ioneke kwa nonse. Ngati muli mipando kapena ziwiya zawo, ziwerengeni, zilembedwe kuseri kwa pepala lija. Zimene alonjeza kukonza akonze musanalipire. "Lowani kaye, tikonza sabata yamawa" kwa munthu wa miyezi isanu amatanthauza kuti mudzatuluka zili chomwecho. Mukakonza nokha, mugwirizane kaye polemba kuti ndalamayo idulidwa pa lendi, ndipo musunge malisiti.

Malamulo a pakhomo muwafunsiretu, makamaka poti mukhala mumpanda umodzi: geti amatseka nthawi yanji, alendo ogona amaloledwa, mbaula mungayatsire pati. Ndipo loko wa chitseko chakunja musinthe, wakaleyo musunge kuti mudzabwezeretse. Simukudziwa kuti makiyi ake ali ndi anthu angati.

Mnzanga ali m'nyumba ya Malawi Housing ku Area 18. Akupita kunja miyezi isanu ndi umodzi ndipo akuti ndikhalemo ndizimulipira iye. Pali vuto?

Lilipo. Nyumbayo ndi ya Malawi Housing Corporation, mnzanuyo ndi tenanti chabe, ndipo tenanti saloledwa kubwereketsa nyumba kwa wina popanda chilolezo cha eni ake. Zikadziwika, iye akhoza kulandidwa nyumba, inu n'kutulutsidwa opanda poti mungadandaule, popeza dzina lanu silili paliponse. Chiopsezo china n'chakuti inu muzimulipira mokhulupirika iye osapereka ku ofesi. Apite kaye akapemphe chilolezo cholembedwa, ndipo akuonetseni lisiti losonyeza kuti alibe ngongole. Izi n'chimodzimodzi ndi nyumba ya boma, ya kampani kapena ya landilodi wamba.

Tikumanga nyumba yathu ndipo mmisiri akuti itha m'miyezi itatu. Tikufuna kuchoka m'nyumba yodula imene tilimo, tipeze yaing'ono pafupi ndi puloti. Tili ndi ana atatu a sukulu. — Banja la ku Area 36

Maganizo ake ndi abwino, koma miyezi itatu ya mmisiri muiwerenge isanu ndi umodzi. Simenti imakwera mtengo, mvula imaimitsa ntchito, ndipo kulumikiza madzi ndi magetsi kuli ndi nthawi yakeyake imene mmisiri sailamulira. Choncho funani landilodi wovomera mwezi ndi mwezi ikatha miyezi itatu yoyamba. Werengerani zonse: galimoto yosamutsa kawiri, komishoni, dipoziti yatsopano, ndi ulendo wa ana kupita ku sukulu yawo yakale, chifukwa kuwasintha sukulu pakati pa teremu sikoyenera. Ngati zimene mupulumutse pa lendi sizikuposa zonsezi, khalani pomwe muli. Katundu wamkulu ndi amene amakakamiza anthu kuchita lendi nyumba yaikulu. Ngati chipinda chimodzi cha nyumba yanu yatsopano chafoleredwa, chili ndi chitseko cholimba ndipo mlonda alipo, sungani mmenemo makabati ndi mipando mutaikweza pa matabwa, inu mutenge zipinda ziwiri zokha.

Chipinda chokhala kale ndi bedi ndi matilesi n'chimene ndikufuna, koma ndimaopa nsikidzi. Zimaoneka bwanji masana?

Zimabisala, koma zitosi zake sizibisala. Tengani tochi ya foni, vundukulani matilesi, mutsegule msoko wa m'mbali ndi zala. Madontho akuda ngati a inki, timakoko toyera ndi timazira tonga njere za mchere ndi umboni. Onaninso polumikizira matabwa a bedi, m'mabowo a misomali pa khoma, m'mphepete mwa neti pamwamba ndi kuseri kwa makatani. Mizere ya magazi pa khoma pafupi ndi bedi ndi pamene wina ankaziphwanya. Mukapeza chimodzi mwa izi, musadalire lonjezo lakuti apopera mawa. Mankhwala ambiri sapha mazira, ndipo mazirawo amaswa pakadutsa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, choncho kupopera kumafunika kubwerezedwa pakatha milungu iwiri. M'nyumba ya mdadada zimangosamukira kwa neba n'kubwerera. Choopsa kwa munthu wa kanthawi n'chakuti mudzazitenga m'chikwama kupita nazo kwanu. Musavomerenso kuti wina aike m'chipinda chogona mapiritsi otetezera chimanga ku anankafumbwe. Mpweya wake umapha anthu.

Ndinalipira miyezi itatu, ndakhala umodzi. Landilodi akuti wapeza wina wolipira zambiri, ndionjezere kapena nditulukemo, apo ayi achotsa chitseko. Tinalemberana pepala. Nditani? — Mayi wa ku Luwinga

Pepala ndi malisiti zili kumbali yanu, mayi. Miyezi imene munalipira ndi yanu pa mtengo umene munagwirizana. Mwini nyumba alibe mphamvu yozula chitseko, kusasula malata kapena kutaya katundu panja mwa iye yekha; wofuna kutulutsa munthu mokakamiza amadzera ku khoti. Jambulani pepalalo ndi malisiti, makope ena musunge kwa mnzanu kunja kwa nyumbayo. Muyankheni polemba, mwaulemu, kuti mudzatuluka tsiku limene lili m'pangano. Kenako pitani naye kwa mfumu ya dera kapena block leader pamodzi ndi mboni zija, chifukwa nkhani zambiri zotere zimathera pamenepo. Akayamba kuopseza kapena kugwira katundu wanu, kanenani ku polisi. Zikakanika, khoti la majisitireti limamva milandu yotere, ndipo a Legal Aid Bureau, amene ali ndi ofesi mu Mzuzu momwemo, amathandiza amene sangakwanitse loya.

Komabe yezani nokha. Mwatsala ndi miyezi iwiri, ndipo kukhala mumpanda umodzi ndi munthu amene sakukufunani n'kowawa. Ngati akuvomera kubweza lendi yonse ya miyezi iwiriyo, dipoziti ndi ndalama ya galimoto yosamukira, n'kukupatsani milungu iwiri yosakira kwina, mukhoza kulandira. Ndalamazo zilowe kaye m'foni kapena m'manja mwanu pali mboni, makiyi muwapereke pambuyo.